Pikapu ya Mhone ndi Mawu a Agogo Anu

Ana inu, tazimitsani kaye foniyo. Wongani, ndikunena iwe. Chiyambire m'mawa ukungondikankhira kachinthuko m'khutu, ati ndimvere mzungu wina amene wadzitsekera m'chipinda akusinthasintha mapikapu a gitala, ndiye ndinene imene ikumveka bwino. Ndamva. Koma kasipika ka foni kolira ngati udzudzu kameneko, ungasiyanitse nako chiyani? Nawe Tamanda usaseke, sudziwa n'komwe kuti pikapu n'chiyani. Takhalani pansi apa. Ine pa moyo wanga ndinayerekeza mapikapu awiri okha, ndipo ntchito imeneyo sindinaimalize mpaka lero.

Ndiyambe ndi iwe Tamanda, kuti usasochere. Gitala ya magetsi payokha ndi bubu, thabwa ndi nsambo basi. Chimene chimaipatsa pakamwa ndi kachitsulo ka maginito kokulungidwa ndi waya wopyapyala ngati tsitsi, kamene kamakhala pansi pa nsambozo. Ndiyo pikapu. Ina imakhala kumunsi kumene nsambo zimamangidwa, ndipo mawu ake ndi akuthwa, a nyimbo zodumpha. Ina imakhala kumtunda, pamene khosi la gitala lakumana ndi thupi. Ya kukhosiyo ndiyo ya nyimbo zodekha, ndiyo imaperekeza munthu akamayimba. Nkhani yanga ili pa ya kukhosiyo.

Mukudziwa kuti ine si wa kuno. Ndinabadwira ku Mulanje, ndipo ndinabwera ndili mnyamata pa lole imene inkadzatenga anthu okagwira ntchito ku esiteti ya mphira. Ulendo wake! Fumbi linatipaka mpaka m'mano, ndipo titatsika ndinali ndi bulangete limodzi ndi banjo yanga ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Masiku oyamba kondowole, nsima ya chinangwa ya kuno, ankandikakamira pakhosi, ndinkameza ndi misozi. Lero ndinu amene mumandiseka kuti ndimakana ufa wa chimanga. Munthu amazolowera, ana inu.

Ntchito yathu inali yokama mitengo. Umadzuka tambala asanalire kachiwiri, mpeni wokhota m'manja, n'kumacheka khungwa mopepuka kuti mkaka wa mphira utsetsereke m'kakapu. Ukalowetsa mpeni kwambiri wapweteka mtengo, ukachepetsa sutulutsa kanthu. Zala zanga zinaphunzira kufatsa kumeneko, choncho asakunamizeni munthu kuti ine agogo anu ndinali ndi zala zolemera pa gitala. Zala zinalipo. Zinkanunkha mphira, inde, koma zinalipo.

Agogo anu aakazi, NyaManda, ndinawamva ndisanawaone. Linali Lamlungu kutchalitchi kufupi ndi Bandawe, kwaya ikuyimba, ndipo pansi pa mawu onse a atsikana panali mawu amodzi otsika, onona, osathamanga. Ndinasuzumira uku ndi uku mpaka ndinapeza mwini wake, kamtsikana kafupi kovala duku yobiriwira. Za mmene ndinavutikira kuti andilole, ndi nkhani ya tsiku lina. Kwathu mwamuna amangonyamula bulangete n'kukakhala kwa mkazi, kuno anandiuza za kulowola, ndipo amalume awo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mbuzi yodwala pamsika. Koma tinakwatirana. Ndipo ine mumtima ndinkati, mawu awa ndi anga tsopano, ndidzawaperekeza ndine mpaka kufa.

Tinali ndi kabandi kathu, anyamata a ku esiteti, ng'oma za chikopa cha ng'ombe ndi chisekese. Tinkayimba m'maukwati ku Mpamba, ku Chintheche, mpaka ku Limphasa nthawi yokolola mpunga. Kenako mphunzitsi wina amene ankasamuka anandipatsa gitala ya magetsi ndi ka ampu kake kokuzira mawu, ine n'kumupatsa njinga yanga. Njinga, ana inu! Inu a kabaza simungamvetse. Nthawi imeneyo mwamuna wa njinga anali bwana, ndipo ine ndinaipereka ndikumwetulira, n'kuyamba kuyenda pansi. Agogo anu anangoti, "Bambo a Joyisi, gitalayo muzidzandikweza popita kuchigayo." Joyisi ndi amayi anu aja, anali ali kumsana nthawi imeneyo.

Koma anali masiku okoma. Kuchokera ku Kande mpaka ku Mpamba, gitala ya magetsi inali yanga yokha. Tinkanyamula batire la galimoto pamutu mosinthana, anthu n'kumatilondola m'mbuyo. Ine kuno, agogo anu apa pambali panga, phewa ndi phewa. Sanadandaulepo za mawu a gitala yanga, chifukwa panalibe ina yoti ayerekeze nayo.

Ndiye kunabwera Mhone.

Inde, a Mhone omwe aja a ku Kande, amene mumawaona atakhala pampando pakhonde dzanja lili lende. Ine ndimangoti Mhone, ndipo musandikonze. Anali atakhala zaka ku Joni, akuperekera zakudya m'hotela, ndipo anabwera ndi nsapato zonyezimira, chipewa chopendekeka ndi mafuta onunkhira mpaka kumsewu. Zonsezo sizinandikhudze. Chimene chinandikhudza ndi bokosi lakuda limene ananyamula tsiku limene anadzapempha kulowa m'bandi mwathu. Tinali m'kalasi ya sukulu masana a Loweruka, tikuyeserera. Analitsegula, mkati muli nsalu yofiira yofewa, ngati mogona mwana wa mfumu. Gitala yanga ine ndinkaikulunga m'chitenje chakale.

Ndinayang'ana pikapu yake ya kukhosi. Yanga inali yopyapyala, ya koyilo imodzi, ndiye kuti mkulungo umodzi wa waya uja, timaso ta maginito tili poyera. Yake inali yonenepa, yovala chivundikiro cha chitsulo chowala.

"Ada," anatero Mhone, chifukwa kuno mwamuna mnzako umamutcha choncho, "iyi ili ndi makoyilo awiri mkati. Tamverani."

Analumikiza ku ampu yanga yomwe, batire langa lomwe, n'kukankhira kaswitchi kumtunda. Anangokhudza nsambo zitatu basi.

Ha! Ana inu! Mawu aja sanatuluke m'sipika ngati mmene ankatulukira anga. Anga ankatuluka n'kuthamangira kukhoma, nge nge nge, owonda, owala, ngati supuni yagwa pa simenti. A Mhone anatuluka n'kukhala pansi pakati pathu. Anali onenepa, ofunda, ochokera m'chifuwa, ndipo nsambo ikakhudzidwa mawu ake sankafa msanga, ankatsalira m'chipindamo n'kumazilala pang'onopang'ono. Woyimba ng'oma anasiya ndodo zake. Agogo anu anali pakhomo akumanga Joyisi kumsana, ndipo anaima chitenje chili m'mano.

"Aaa," anatero atachilavula. "Iyi ikuyankhula."

Popanda wowapempha anayamba kuyimba nyimbo ina yodekha imene ankaikana nthawi zonse tikamayeserera, ati imawatopetsa. Tsiku limenelo sinawatopetse. Anatsinzina, mawu awo n'kulowa mkati mwa mawu a gitala ija, osadziwika kuti munthu wathera pati, nsambo yayambira pati. Ine ndinali chiimire ndi gitala yanga pamimba. Palibe anandiuza kuti ndisiye kuyimba, ndinasiya ndekha.

Tsono musaganize zoipa. Ndikuona maso ako, Tamanda, wazolowera mafilimu. Agogo anu sanamuyang'anepo Mhone ngati mwamuna, ndipo Mhone anali ndi mkazi wake, NyaKaunda, mayi woti ukamuona wanyamula nkhuni umapatuka wekha. Panalibe chibwenzi, panalibe kunong'onezana. Bwenzi zili bwino zikanakhala choncho, chifukwa mwamuna ukhoza kukamunenera kwa ankhoswe. Nanga maginito ukawanenera kwa ndani? Ndinali ndi nsanje, ndikunena poyera, nsanje yowawa, ndipo ndinalibe poitula.

Tikubwerera kunyumba ndinawafunsa. "Kodi yanga yalakwa chiyani?"

"Siinalakwe," anatero.

"Nanga bwanji simunatsinzinepo ndikamayimba ine?"

Agogo anu sankadziwa kunama, ndilo linali vuto lawo lalikulu. Anati, "Yanu imandibaya, bambo a Joyisi. Ndikamayimba imayenda pamwamba panga ngati ikufuna kundipitirira, ndiye ndimalimbana nayo. Ya a Mhone imakhala pansi, imandinyamula."

Imandinyamula! Ine amene ndinapereka njinga. Tsiku limenelo sindinadye.

Kuyambira pamenepo bandi inagawa ntchito yokha, popanda msonkhano. Nyimbo zodumpha, ine kutsogolo. Nyimbo zodekha, zimene agogo anu ankayimba, Mhone kutsogolo, ine n'kumangokwapula kumbuyo chapansipansi. Ndipo ndisaname, pa zodumphazo gitala yanga inali mfumu. Ukwati wina ku Limphasa, pabwalo lopanda khoma, ng'oma zitakwiya, ya Mhone inamira yonse, inkangomveka ngati munthu akung'ung'udza m'thumba. Yanga inadula pakati pa ng'omazo mpaka azimayi a kumunda wa mpunga anasiya zikwakwa n'kubwera. Ndinayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse. Koma zinandithandiza chiyani? Agogo anu nyimbo zimenezo sankayimba, nthawi imeneyo ankakhala pansi akuyamwitsa mwana.

Zinafika poipa pamene tinakula n'kuyamba kubwereka jenereta. Pa batire gitala yanga inkakhala chete ukaisiya. Jenereta ikangolira, pikapu yanga ija inkayamba kulira nayo, ng'iii, osaleka, ngati mavu alowa m'sipika. Ya Mhone zii. Wokonza mawailesi wa ku Mpamba anandifotokozera kuti makoyilo awiri aja amatsutsana, phokoso limene ina yatola inzake imalifafaniza, pamene koyilo imodzi ilibe woitsutsa, imangotola chilichonse. Anandiuzanso kuti ndizizungulira pang'onopang'ono gitala ili pamimba, ndidzapeza mbali imene mavuwo amachepa.

Zinali zoona. Mbaliyo inkapezeka. Koma, abale, sinkapezeka kumene kuli anthu! Mu holo ndinkayimba nditayang'ana khoma. Pa ukwati wina ku Chintheche mbali yabwino inali yoyang'ana kuchimbudzi, ndipo ndinayimba masana onse ndikuona anthu akulowa n'kutuluka, ena n'kumandigwedezera dzanja. Usaseke, Wongani. Kumbuyo kwanga ndinkamva mawu a mkazi wanga ndi gitala ya Mhone zikuyenda pamodzi, anthu akululutira, ine osaona ngakhale nkhope yake. Ndinkadziwa kuti watsinzina. Sindinkafunika kuona.

Ndinayesa zonse. Ndinapotokola kabatani kochepetsa kuthwa, mawu n'kukhala ngati ndaifunditsa bulangete, osanenepa, ongofooka. Ndinakweza pikapu ndi nsonga ya mpeni kuti iyandikire nsambo, ndinaitsitsanso. Ndinaika nsambo zokhuthala mpaka zala zinatuluka matuza. Ndinataya kapulasitiki kokhwatchira n'kumayimba ndi chala chachikulu. Ndikasintha chinthu, ndinkaitana agogo anu. "Tamverani tsopano." Iwo ankamvetsera mutu uli chopendekeka, n'kunena kuti, "Yasinthako," kenako n'kubwerera kukasenda chinangwa chawo. Yasinthako! Mawu amenewo ndinadana nawo.

Tsono mverani nzeru ya munthu wokama mphira. Tsiku lina ndili pakati pa mitengo ndinaganiza kuti, kodi waya wa magetsi samuveka mphira kuti asalume anthu? Kodi injini saikhazika pa mphira kuti isanjenjemere? Ndiye pikapu yanga ikavala mphira, mavu aja alowera pati? Ndipo ikanenepa thupi, mawu sanganenepe? Anzanga a pamzere onse anavomereza kuti ndi nzeru, chifukwa kwa ife mphira inkachiza chilichonse, nsapato, ndowa, ngakhale denga. Kapitawo anandilola kutapa mkaka pang'ono m'kachitini. Ndinamasula pikapu, ndinaiviika, ndinaiyanika padenga, ndinaiviikanso, mpaka inanenepa kuposa ya Mhone. Ndinaibwezera m'malo mwake mokakamiza.

Mawu anatuluka omwe aja, owonda. Mavu analipo onse, palibe anasamuka. Chimene chinawonjezereka ndi fungo. Inu simudziwa mmene mphira yaiwisi imanunkhira ikakhalitsa n'kutenthedwa ndi dzuwa, funsani aliyense wa ku esiteti. Pa ukwati wotsatira mkwatibwi anagwira mphuno, ndipo woyimba ng'oma anasuntha mpando wake. Mvula itayamba, chinyezi chimene chinatsekeredwa mkati chinadya kawaya kaja, pikapu n'kufa. Wa mawailesi uja anaisenda ngati mbatata akundiseka, anaikulunganso ndi waya wa m'wailesi yakale, ndipo inabwera yowonda kuposa kale.

Masiku amene gitala yanga inali yakufa, Mhone anabwera kunyumba atanyamula bokosi lake lija.

"Ada, tengani yanga muyimbire Loweruka lino. Ine ndigwira chisekese."

Onani mtima wa munthu ameneyu. Akanakhala wonyada bwenzi ndikudana naye bwinobwino, mwamtendere. Koma anali wabwino, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima kwambiri.

"Yewo, ada," ndinatero. "Ndili ndi yanga."

"Koma yanuyo yafa."

"Idzuka."

Sindinaikhudze. Zaka zonse zimene tinayimba limodzi sindinaike chala pa gitala imeneyo, ndipo musayembekeze kuti ndinene kuti ndinalakwa. Ndikanaitenga, agogo anu n'kutsinzina, ndikanadziwa bwanji kuti atsinzinira ine? Ndinkafuna atsinzine pa mawu anga, a gitala imene ndinagula ndi miyendo yanga.

Zaka zinapita. Ana anabadwa, ena tinaika m'manda, ena ndi awa anabereka inu. Kenako kunabwera kiyibodi, kabokosi kamodzi kokhala ndi ng'oma, besi ndi malipenga m'mimba mwake, ndipo kanadya bandi yonse. Eni maukwati ankangoitana mnyamata mmodzi ndi zala zake ziwiri. Ife tinabalalika. Ndinapuma ntchito ku esiteti, tinamanga nyumba ino pamalo a kwawo kwa agogo anu, gitala yanga ndinaipachika pamsomali pomwe mukuionapo. Ine ndi Mhone tinasanduka madala awiri opatsana moni pamaliro. Kenako Mhone anadwala matenda aja oumitsa ziwalo, dzanja lamanja n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Ndinapita kukamuona, ndipo ndinamumvera chisoni chenicheni. Koma maso anga anafufuzabe pansi pa bedi, ndipo bokosi lija linali pomwepo.

Za kudwala kwa agogo anu mukukumbukako, Wongani unali utayamba kale sukulu. Mtima wawo unatupa, miyendo n'kutupanso, mpweya n'kumavuta. Titabwerako kuchipatala ulendo womaliza, ankakonda kugona pakhonde pano masana, pamphasa, mutu uli pa pilo. Tonse tinkadziwa, ngakhale palibe ankanena.

Tsiku lina anandiitana. "Bambo a Joyisi."

"Ndili pano."

"Ndikufuna ndiyimbeko kamodzi, mpweya usanathe."

Ndinaimirira kuti ndikatsitse gitala pamsomali.

"Osati imeneyo," anatero. "Kabwerekeni ya a Mhone. Muyimbe ndinu."

Ana inu, ndinaima pakhomopo ngati andimenya ndi mpini. Munthu akufa, ndipo akusankhabe pikapu! Ndinafuna kukalipa. Ndinafuna kunena kuti, zaka zonsezi, ngakhale lero lokha, simungandinamize? Koma ndinawayang'ana mmene chifuwa chinkakwerera ndi kutsika, ndipo ndinameza mawu anga. Ndinavala nsapato n'kupita kumsewu kukakwera minibasi ya ku Kande.

Mhone ndinamupeza pampando wake uja. NyaKaunda anandipatsa mpando wina n'kulowa m'nyumba. Tinapatsana moni, tinakamba za mvula, tinakamba za usipa kuti wasowa. Ndinazungulira ponseponse. Pomaliza ndinayang'ana pansi n'kunena.

"Ada, ndabwera kudzabwereka gitala. NyaManda akuifuna."

Sanandiseke. Akanaseka mwina ndikanapepukidwa. Anangoitana mkazi wake ndi lilime lake lolemera lija kuti atulutse bokosi, ndipo ataliika pamiyendo pake analisisita ndi dzanja lamoyolo.

"Kaswitchi kamakakamira," anatero movutikira. "Mukakankhe kumtunda mwamphamvu. Ndipo musakakhwatche kwambiri, ada. Iyi simafuna kukakamizidwa."

Taonani, ngakhale pakamwa patapotoka ankandiphunzitsabe kuyimba! Ndinathokoza. M'minibasi ndinalikumbatira bokosilo pamiyendo, kondakitala akudandaula kuti ladya malo.

Ndinabwereka batire kwa mnyamata wotchaja mafoni, ndinapukuta ka ampu kanga kakale, ndinasintha nsambo imodzi imene inachita dzimbiri. Dzuwa linali lidakali pamwamba. Ndinakhala pansi pamphasa pafupi ndi agogo anu, gitala ili pamiyendo. Inali yolemera kuposa yanga. Ndinakankha kaswitchi kumtunda, n'kukhudza nsambo mopepuka, ngati ndikucheka khungwa.

Mayo ine! Mawu aja anatuluka. Omwe aja, onenepa, ofunda, ndipo anatuluka pansi pa zala zanga. Ndinawamva m'ntchafu, ndinawamva m'nthiti. Mukuganiza ndinasangalala? Ndinakwiya. Zaka zonse ndinkadzitonthoza kuti mwina agogo anu ankangotengeka ndi za ku Joni, mwina ndi bokosi lofiira mkati lija. Ayi ndithu. Ankanena zoona. Chinthu chija chinali chokoma, ndipo sichinali changa.

Ndinayamba nyimbo yodekha ija. Agogo anu anadikira mzere woyamba udutse, kenako analowa. Mawu anali atachepa, ang'ono, odukaduka, ankaima pakati kuti akoke mpweya. Koma gitala ija inkawadikira. Nsambo ikakhudzidwa mawu ake ankakhalabe m'mwamba mpaka iwo abwerere, ndiye mpata sunkamveka. Pa yanga mipata yonseyo ikanakhala poyera. Ndinamvetsa tsiku limenelo chimene ankatanthauza ponena za kunyamulidwa.

Anatsinzina. Ine ndikuyimba, ine mwamuna wawo, anatsinzina. Ndinati mumtima, basi, ndafika, ngakhale ndafika pa gitala yobwereka.

Anatha ndime imodzi, yachiwiri inawakanika. "Musasiye," ananong'ona. Ndinapitiriza. Kenako ndinaona dzanja lawo likunyamuka pamphasa pang'onopang'ono, lowonda, likubwera kwa ine. Dzanja langa lamanja linali pomwepo pa nsambo, ndipo ndinalifewetsa kuti lilandire lawolo.

Linatera pa thabwa la gitala, m'mphepete mwa pikapu ija. Anayala chikhatho bwinobwino kuti amve mmene thabwalo linkanjenjemera, ndipo anamwetulira maso ali chitsinzinire.

Pakati pa dzanja lawo ndi langa panali mpata woti chala chimodzi sichikanakwana. Ndinati mwina lisuntha. Ndinabwereza nyimbo ija, ndinaibwerezanso, ndikuyimbira chakumtunda dala kuti chala changa chaching'ono chiyandikire. Iwo anagona tulo dzanja lili pomwepo. Ndinayimbabe mpaka batire linatha, mawu n'kuyamba kusasa, n'kuzima. Sabata isanathe tinawaika m'manda.

Gitala ndinabweza mawa lake la maliro, ndinaipukuta paliponse kupatula pamalo pamene panali chikhatho chawo. Mhone sindimukwiyira, ndi dala mnzanga, tikudikira limodzi. Agogo anunso sindiwakwiyira, anali ndi makutu, ndipo sanandinamizepo ngakhale tsiku limodzi. Koma ku Kande, pansi pa bedi la munthu wina, kuli thabwa limene mkazi wanga analigwira komaliza. Ine ndinali pomwepo, ana inu, dzanja lili lotambasula, ndipo anagwira thabwa.